Tembenuzani Supuniyo Musanamvere Wogulitsa

M'nyumba zina zakale za ku Chilenje mu Lusaka, m'kabati momwe mumasungidwa mbale za alendo, mumapezeka supuni imodzi kapena ziwiri zosiyana ndi zinzake. Imakhala yolemera m'dzanja, yodera m'mizere ya maluwa ake, ndipo kuseri kwa chogwirira kumakhala timalemba ndi tizithunzi tating'ono kwambiri moti wamaso ofooka amangoti ndi zipsera. Ina inabwera ndi agogo amene anagwira ukhukhi kumayadi, ku Rhodes Park kapena ku Kabulonga, bwana wawo atawasiyira pobwerera kwawo. Ina inatuluka dzana m'katundu wakale wobwera limodzi ndi salaula. Chikangomveka chakuti supuniyo "ndi ya Jeremani", nkhani imasintha: mwini wake amayamba kuibisa, wogula amayamba kunong'ona, ndipo mtengo umakwera popanda amene wafunsa kuti chinthucho chinapangidwa ndi chiyani, liti, ndiponso ndi yani. Mfundo yanga ndi yakuti mayankho a mafunso atatuwa amakhala atalembedwa kale pa supuni pomwepo, ndipo zidindo zija ndi mboni yodalirika kuposa pakamwa pa wogulitsa ngakhalenso pa mwini wake. Koma ndi mboni yosanena zonse. Imakuuzani malire a zaka, osati tsiku lobadwa, ndipo woifunsa mwaphuma imamusocheretsa.

Msampha woyamba uli m'dzina lenilenilo. Pali chitsulo chomwe Angerezi amachitcha German silver, ndipo munthu akamva mawuwa amaganiza kuti wapeza zonse ziwiri, siliva komanso wa ku Germany. Zoona zake n'zakuti m'chitsulo chimenechi mulibe siliva ngakhale pang'ono. Ndi mkuwa wosakaniza ndi nickel ndi zinc, ndipo mkuwawo ndi umene umachuluka, kupitirira theka. Anthu a ku China ankasula chitsulo chotere kalekale, ndipo cha m'ma 1823 amisiri a ku Germany, Ernst August Geitner wa ku Saxony ndi abale a banja la Henniger a ku Berlin, anapeza njira yochipangira chambiri m'fakitale kuti anthu wamba adyere zinthu zowala ngati za olemera. Pa supuni chimadziwika ndi mawu monga Alpacca, Alpaka, Neusilber kapena Argentan. Chodabwitsa n'chakuti zitsulo zitatu zonsezi nthaka ya Zambia inazitulutsapo: mkuwa ku Copperbelt, zinc pa mgodi wakale wa Kabwe, nickel ku Munali kufupi ndi Mazabuka. Munthu wa ku Lusaka wolipira ndalama zambiri pa supuni yolembedwa Alpacca wagula mkuwa wovala dzina lachilendo. Supuniyo ikhoza kukhala yolimba ndi yokongola, yokhala zaka zana osathyoka, koma pa sikelo ya wogula siliva ilibe chake.

Msampha wachiwiri ndi wa masupuni ongokutidwa. M'chaka cha 1840 kampani ya Elkington ya ku Birmingham inatenga chilolezo cha njira yokutira chitsulo ndi siliva pogwiritsa ntchito magetsi, ndipo kuyambira pamenepo masupuni ochuluka zedi a m'mahotela, m'sitima ndi m'nyumba za atsamunda anali amtundu umenewu. A ku Britain amakhala ndi zilembo EPNS, kutanthauza kuti m'kati ndi chitsulo cha mkuwa ndi nickel chija, kunja kokha ndiko kuli siliva. Popeza Northern Rhodesia, yomwe lero ndi Zambia, inali m'manja mwa Britain, ambiri mwa masupuni akale a mu Lusaka ndi otere, ndipo si a ku Germany n'komwe. A ku Germany okutidwa amakhala ndi nambala yaing'ono: 60, 90, 100 kapena 150, ndipo 90 ndiyo yofala. Apa ndi pomwe akathyali amadyera, chifukwa amauza munthu kuti 90 ikutanthauza kuti magawo 90 pa 100 ndi siliva. Tanthauzo lake lenileni ndi lakuti magalamu 90 a siliva anagwiritsidwa ntchito kukuta masupuni aakulu 12 ndi mafoloko 12 pamodzi. Gawani nokha: supuni imodzi imalandira magalamu osakwana 4, ndipotu pamenepo ikadali yatsopano, isanakumane ndi mchenga wotsukira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yerekezani ndi supuni ya siliva weniweni yolemera magalamu 50 yodindidwa 800, yomwe ili ndi magalamu 40 a siliva, ndipo muona kuti nambala yamanambala awiri ndi yamanambala atatu zikunena zinthu zotalikirana ngati Chipata ndi Mongu.

Tsono siliva weniweni wa ku Germany amadziwika bwanji? Mpaka chaka cha 1871 kunalibe dziko limodzi lotchedwa Germany. Kunali maufumu ndi mizinda yodzilamulira, uliwonse ndi malamulo ake a osula siliva. Atagwirizana, nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo limodzi pa 16 July 1884, maonekedwe a chidindo analengezedwa mu 1886, ndipo zonse zinayamba kugwira ntchito pa 1 January 1888. Kuyambira pamenepo supuni ya siliva inkadindidwa zinthu zinayi zondondozana: kamwezi kongooneka kumene kopindika ngati chikwakwa, chisoti chachifumu, nambala yosonyeza magawo a siliva pa 1000, ndi chizindikiro cha wopanga. Nambalayo sinkayenera kutsika pa 800, ndipo 800 ndiyo imapezeka kwambiri, ngakhale 830, 835, 900 ndi 925 ziliponso. Mwezi unkaimira siliva, monga dzuwa linkaimira golide. Choncho supuni yokhala ndi kamwezi ndi chisoti yakupatsani kale mfundo yolimba imodzi: sinapangidwe zaka za m'ma 1886 mpaka 1888 zisanafike. Wina akakuuzani kuti supuni yotere ili ndi zaka 200, wanama kapena wanamizidwa, ndipo simufunika katswiri kuti akutsimikizireni.

Masupuni akale kuposa pamenepa amalankhula chinenero china, ndipo ndi amene amakoma kuwerenga. Osula siliva ankayeza ndi muyezo wotchedwa Lot, momwe siliva wopanda chosakaniza anali magawo 16. Supuni yodindidwa 12 ili ndi magawo 12 pa 16, omwe ndi 750 pa 1000, ndipo ya 13 ili ndi 812.5 pa 1000. Ziwiri zimenezi ndizo zinali zofala. Pafupi ndi nambalayo, kapena m'malo mwake, pankakhala chizindikiro cha mzinda: chipatso cha mtengo wa paini ku Augsburg, chilembo N ku Nuremberg, chimbalangondo ku Berlin, linga la nsanja zitatu ku Hamburg, kiyi ku Bremen. Chidindo cha mzinda sichinkaikidwa ndi mmisiri mwiniwake. Bungwe la amisiri linali ndi woyeza wake, amene ankapala kachidutswa ka siliva kuti akakayese, n'kusiya kamzere kokhotakhota ngati mano a sowo. Munthu wosadziwa akaona kamzereka amati supuni inakalika, pamene ndi umboni wakuti inadutsa m'manja mwa woyeza. Mizinda ina inkawonjezera chilembo chosintha pakapita nthawi. Ku Augsburg, kuyambira m'ma 1730, chilembo choikidwa pansi pa chipatso chija chimatha kulozera zaka ziwiri kapena zitatu zokha. N'zoseketsa ndithu kuti supuni ya m'ma 1760 nthawi zina imadziwika zaka zake mosavuta kuposa ya m'ma 1920. Mabungwe a amisiri atatha mphamvu cha m'ma 1860, panadutsa zaka pafupifupi makumi awiri zosalongosoka, pomwe ena ankadindabe 12 kapena 13, ena atayamba kale 750 kapena 800 popanda mwezi ndi chisoti.

Tikabwerera ku masupuni a mwezi ndi chisoti, ndi pomwe mboni yathu imayamba kuuma pakamwa. Lamulo la 1884 silinalamule kuti pakhale chilembo cha chaka. Ku Britain zinthu n'zosiyana: supuni ya siliva imakhala ndi mkango woyenda wosonyeza 925, chizindikiro cha mzinda woyezera, monga mutu wa kambuku wa London kapena nangula wa Birmingham, ndi chilembo chomwe chimasintha chaka ndi chaka, moti wokhala ndi buku amatchula chaka chenicheni. Ya ku Germany ilibe zimenezo. Kamwezi ndi chisoti sizinachoke mfumu Wilhelm II itagwa mu 1918. Zinapitirira m'nthawi ya Hitler, zinapitirira nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ndipo mafakitale ena akuzidindabe lero. Chisoti chachifumu pa supuni sichitanthauza kuti inapangidwa mfumu ili pampando. Mwezi, chisoti ndi 800 zikhoza kukhala za 1890 kapena za 1965. Komanso chisoti chokhachokha popanda mwezi chisakupusitseni, chifukwa mzinda wa Sheffield ku England unagwiritsa ntchito chisoti ngati chizindikiro chake kwa zaka pafupifupi mazana awiri, mpaka m'ma 1970.

Kuti malirewo achepe, timatembenukira ku chizindikiro cha wopanga, ndipo ntchito yake ili ngati ya wofufuza mbiri ya mudzi pofunsa kuti mfumu yakutiyakuti inalowa liti ndipo inamwalira liti. Fakitale ya Bruckmann ya ku Heilbronn, yomwe chizindikiro chake ndi chiwombankhanga, inayamba mu 1805 n'kutsekedwa mu 1973. Supuni yake yokhala ndi mwezi ndi chisoti ili pakati pa 1886 ndi 1973. Ya Wilkens ya ku Bremen inayamba mu 1810 ndipo imadinda kachithunzi ka makina opanira chitsulo. Koch & Bergfeld, ya ku Bremen komweko, ndi ya 1829. Zilembo BSF ndi za fakitale yomwe inabadwa mu 1905, choncho supuni yake singakhale ya m'zaka za m'ma 1800. Robbe & Berking ya ku Flensburg inayamba mu 1874. WMF ya ku Geislingen inatenga dzina limenelo mu 1880, ndipo zinthu zake zakale zimakhala ndi kanthiwatiwa kothamanga, koma zambiri mwa izo ndi zongokutidwa. Mafakitale ankasinthanso kalembedwe ka zizindikiro zawo, ndipo maluwa a pa chogwirira anali ndi nyengo zake monga zilili nsalu za chitenje: mizere yopindikapindika ngati mpesa wa nyemba inatchuka pakati pa 1895 ndi 1910, pamene yosalala yopanda zokongoletsa inabwera pambuyo pake. Dzina lathunthu la munthu lodindidwa pambali kawirikawiri limakhala la mwini sitolo amene anagulitsa, osati la wopanga. Pa zidindo za mizinda ndi amisiri akale, akatswiri amatsegulabe buku la Marc Rosenberg, lomwe linatuluka koyamba mu 1890 ndipo linakula kufika mavoliyumu anayi m'zaka za m'ma 1920.

Mawu wamba nawonso amaulula zaka. Supuni yolembedwa Germany m'Chingerezi inapangidwira msika wakunja, ndipo chizolowezi chimenechi chinakula pambuyo pa lamulo la Britain la 1887 lokakamiza kuti katundu wakunja azisonyeza kwawo. Yolembedwa West Germany kapena GDR ndi ya pakati pa 1949 ndi 1990, nthawi yomwe dzikolo linali logawikana, ndipo zina zotere zikhoza kukhala kuti zinabwera m'masutikesi a ophunzira ndi antchito ochokera kuno kwathu. Yolembedwa Rostfrei, Cromargan kapena 18/10 ndi chitsulo chosachita dzimbiri, chomwe chinatulukiridwa cha m'ma 1912, ndipo siliva mulibemo. Dzina ndi deti zozokotedwa ndi dzanja kutsogolo kwa chogwirira zimanena tsiku la ubatizo kapena la ukwati pomwe mphatso inaperekedwa. Supuniyo ikhoza kukhala yakale kuposa detilo. Koma ngati deti likuti 1850 pamene kuseri kuli mwezi ndi chisoti, wina wake anazokota bodza.

Wotsutsa anganene kuti zonsezi n'zomangidwa pamchenga, chifukwa chidindo chimabedwa. Ndipo ali ndi mfundo yoposa imene akuidziwa: pansi pa lamulo la 1884, boma la Germany silinkayeza supuni iliyonse. Wopanga ankadinda yekha mwezi, chisoti ndi nambala, ndipo lamulo linkangomudikira ndi chilango akapezeka atanama. Kuwonjezera apo, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 amisiri a mumzinda wa Hanau, monga a Neresheimer ndi a Schleissner, ankapanga zinthu zotengera maonekedwe akale n'kuzidinda zizindikiro zofanana ndi za mizinda yakale ya Germany ndi France. Siliva wake anali weniweni, koma ukalamba wake unali wongovala. Yankho langa ndi lakuti kubedwa kwa chidindo ndi chifukwa chowerengera mosamala, monga momwe kupezeka kwa ndalama zachinyengo kumatiphunzitsira kuunika pepala padzuwa m'malo mokana ndalama zonse. Zidindo zenizeni zimagwirizana: mzinda, muyezo, wopanga, maluwa ndi kutha kwa supuni zimaloza nyengo imodzi. Zabodza zimatsutsana, monga chizindikiro cha Augsburg choyandikana ndi chisoti cha dziko lina. Ndipo chitsulo chimachitira umboni chidindo. Supuni yokutidwa imasupuka kuseri kwa kamutu kake, pomwe imagunda tebulo, n'kuonetsa mtundu wachikasu kapena wotuwa. Ya siliva yense imatha koma mtundu wake susintha. Maginito amathandiza pang'ono chabe: akaikoka, si siliva, koma akapanda kuikoka sizitsimikiza kanthu, poti Alpacca nayonso sakoka. Tisaiwalenso kuti fakitale yaikulu yokhala ndi dzina la zaka zana inalibe phindu poika mbiri yake pachiswe chifukwa cha magalamu ochepa.

Wotsutsa wachiwiri ndi wovuta kumuyankha, chifukwa amalankhula ndi mtima. Iye amati agogo ananena okha kuti supuni iyi inatsala ndi asilikali a Chijeremani pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndiye ndani angatsutse akuluakulu? Nkhondoyo inalikodi. Ajeremani ankalamulira dziko lomwe lero ndi Tanzania, anamenyana ndi Angerezi ku Karonga mu September 1914, ndipo gulu la Paul von Lettow-Vorbeck linalowa mu Northern Rhodesia, linafika ku Kasama, linamva za kutha kwa nkhondo pa mtsinje wa Chambeshi pa 14 November 1918, n'kukatula zida ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala, pa 25 November. Kuchokera m'mbiri yeniyeniyi munamera mphekesera zambiri za chuma cha Ajeremani chokwiriridwa, za masimbi ndi mbaula zawo zomwe amati zili ndi mphamvu zachinsinsi, ndipo anthu ambiri m'chigawo chino cha Africa atayapo ndalama. Koma gulu lomwe linayenda pansi kwa zaka, kudutsa m'tchire la Mozambique likusowa chakudya ndi mankhwala, silinali lonyamula mabokosi a masupuni. Chidindo chimatha kuyesa nkhani ya banja popanda kunyoza agogo. Ngati pali mwezi, chisoti, 800 ndi chiwombankhanga cha Bruckmann, nkhaniyo ndi yotheka, ngakhale sinatsimikizike. Ngati palembedwa West Germany, supuniyo inabadwa patapita zaka zoposa 30 nkhondoyo itatha, ndipo mwina agogo ankanena supuni ina yomwe inatayika kale. Ndalama ya rupiya ya Ajeremani ya ku East Africa ndiyo yosavuta: chaka chinalembedwa pomwepo, ndipo kachilembo A kapena J kamasonyeza kuti inasulidwa ku Berlin kapena ku Hamburg. Supuni ilibe chifundo chotero.

Palinso njira zina zomwe siliva wa ku Germany anafikira kuno, ndipo imodzi ndi yomvetsa chisoni. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 Ayuda ena othawa Hitler analandiridwa mu Northern Rhodesia, monga akufotokozera Hugh Macmillan ndi Frank Shapiro m'buku lawo la Zion in Africa. Mu February 1939 boma la Nazi linalamula Ayuda kupereka golide ndi siliva wawo yense, n'kuwasiyira masupuni ndi mafoloko owerengeka odyera. Supuni ya 800 yokhala ndi zilembo ziwiri za dzina la munthu, yopezeka mu Lusaka, ikhoza kukhala chimodzi mwa zochepa zomwe banja lina linapulumuka nazo. Apa ndi pomwe ndimasiyana ndi wotsutsa wachitatu, wogula zitsulo, amene amati zaka ndi mayina n'zopanda ntchito, chofunika ndi sikelo basi. Pa supuni wamba ya 800 ya m'fakitale akunena zoona: anapanga miyandamiyanda, ndipo mtengo wake sutalikira kwenikweni mtengo wa siliva ali m'katimo. Palibe amene adzamange nyumba ku Chalala ndi supuni imodzi. Koma ya 13 yokhala ndi chizindikiro cha mzinda ndi kamzere ka woyeza ikasungunulidwa, chotsala ndi kachibuluma kofanana ndi kena kalikonse, pamene wosonkhanitsa zakale akanalipira zoposa kulemera kwake. Anthu a ku Chilenje safunika kuphunzitsidwa zimenezi. Nyumba nambala 394, momwe Kenneth Kaunda anakhala kuyambira 1960 mpaka 1962, imasungidwa pamodzi ndi katundu wake wamba chifukwa cha amene anamugwiritsa ntchito ndi nthawi yake, osati chifukwa cha mtengo wa matabwa ndi zitsulo.

Choopsa chachikulu kwa masupuni amenewa ndi ukhondo wathu womwe. Dzanja lozolowera kukwecha mapoto ndi mchenga, phulusa kapena waya wotsukira likagwira supuni yakuda, limaiwalitsa bwino, koma limachotsa siliva wokutira ndi kufafaniza zidindo, ndipo chidindo chikafufutika sichibwerera. Kuda kwa siliva si dzimbiri. Kumabwera ndi mpweya komanso zakudya monga mazira, ndipo potsuka supuni yotere muzingogwiritsa ntchito madzi ofunda, sopo ndi kansalu kofewa. Musalole munthu kuipala ndi tupa kapena kuithira asidi musanawerenge zolembedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ikani supuni pawindo, jambulani kuseri kwake ndi foni, kulitsani chithunzicho, ndipo lembani zizindikiro zonse mwa ndondomeko yake. Yambani ndi nambala, kenako mwezi ndi chisoti kapena chizindikiro cha mzinda, wopanga pomalizira. Ipimeni pa sikelo ya magalamu inu mukuona. Ngati agogo amene akudziwa komwe inachokera akadali moyo, lembani zomwe akunena papepala n'kulisunga pamodzi ndi supuniyo. Ndipo wofuna kutumiza kunja chinthu chakale chokhudza mbiri ya dziko lino ayambe wafunsa ku National Heritage Conservation Commission, chifukwa lamulo la 1989 limateteza zinthu zambiri za chaka cha 1924 chisanafike.